Makhadi a ubatizo a Chingerezi ochokera ku Malawi ndi Zambia: tithandizane kuwawerenga

Katekisiti wa ku Domwe

Moni nonse abale. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe maukwati amachuluka, ndipo makhadi a ubatizo ayamba kale kutipeza. Vuto ndi lomwe lija la chaka ndi chaka. Anthu ambiri a kuno ku Angonia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anabatizidwira kothawa nkhondo, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, ena ku Katete ndi Chadiza mbali ya Zambia. Mtendere utabwera mu 1992 anthu anabwerera kwawo, koma mabuku a ubatizo anatsala komweko. Amene anali makanda nthawi imeneyo lero ndi azibambo ndi azimayi ofuna kudalitsa maukwati awo. Onjezanipo achinyamata amene akukwatirana modutsa malire pa Calomue, Biri-Biri ndi Zobue. Timakhadi tina ndi ta Chichewa, tina takale ta Chilatini, koma kalata ya ku ofesi kawirikawiri imabwera m'Chingerezi, pamene ife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi. Amene mukudziwa tiuzeni tanthauzo la mawu awa: "sponsor", "minister", "christening", "conditional", "free to marry". Kuphonya liwu limodzi kumachititsa kuti munthu abatizidwe kawiri, kapena ukwati uime ng'ombe itaphedwa kale.

Mlembi wa parishi, Ulongwe

Mwachita bwino kuyambitsa nkhaniyi, Akatekisiti. Tiyambire pamwamba pa pepala.

"Certificate of Baptism" ndi chikalata cha ubatizo, certidão de baptismo yathu ija. Pakalembedwa "Extract from the Register of Baptisms" ndiye kuti mlembi wakopera zomwe zili m'buku lalikulu la parishi, ndipo pepala limeneli ndi lamphamvu kuposa kakhadi ka m'thumba kamene munthu wakhala nako zaka 30. Musanalilandire onani chidindo cha parishi, dzanja la wansembe, nambala ya m'buku, ndi "date of issue", kutanthauza tsiku limene pepalalo lalembedwa, osati tsiku la ubatizo. Pa ukwati maparishi ambiri amafuna pepala losapitirira miyezi 6. Chifukwa chake n'chakuti buku la ubatizo silitsekedwa munthu akabatizidwa. Malamulo a Mpingo wa Katolika a 1983, pa ndime kapena kuti kanoni 535, amati Ulimbitso, ukwati, unsembe ndi malumbiro amuyaya a usisitere zizilembedwa m'mphepete mwa dzina la munthuyo ku parishi imene anabatizidwira. M'Chingerezi zimenezi ndi "notations" kapena "remarks", ife timati averbamentos. Kakhadi ka 1989 sikangakuuzeni kuti munthuyo anamanga ukwati ku Ntcheu mu 2011. Pepala latsopano ndilo lingakuuzeni. Mukaona "no notations" ndiye kuti m'mphepetemo mulibe kanthu. Malowo akangosiyidwa opanda cholembapo, imbani foni mufunse, poti mlembi mwina sanayang'ane n'komwe.

"Minister" si nduna ya boma ayi. Ndi amene anathira madzi. Episkopi, wansembe ndi dikoni ndiwo "ordinary minister", amene ntchitoyo ndi yawo mwa udindo. Katekisiti wololedwa kubatiza wansembe akasowa ndi "extraordinary minister". Koma chenjerani, liwu loti "ordinary" likaima palokha ndi chilembo chachikulu, monga "permission of the local Ordinary", likunena episkopi wa dayosiziyo kapena wachiwiri wake, vigário geral. Kwa ife ku Tete ndiye kuti nkhaniyo ipite kwa Ambuye Diamantino Antunes, siithera pa parishi.

"Sponsor" ndi padrinho kapena madrinha, tate kapena mayi wa ubatizo. Liwu lina ndi "godfather" ndi "godmother".

Mphunzitsi wa Chingerezi, Zobue

Pa "sponsor" paja ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri, Alembi. Pa wailesi liwuli limanena wolipirira mpira kapena wolipirira mwana sukulu, ndiye mabanja amaganiza kuti afunika munthu wandalama wogula diresi ndi keke. Gwero lake ndi liwu la Chilatini lotanthauza kulonjeza. Ndi munthu woyankhira mnzake, ngati nkhoswe.

"Christening" ndi ubatizo womwewo, makamaka wa khanda, m'kayankhulidwe ka Angerezi ndi a Anglican. Si mwambo wina. "Christian name" ndi dzina loyamba, la ubatizo. "Surname" ndi la makolo, apelido. Pa dzina la mayi mukaona "née" kapena "maiden name", limenelo ndi dzina lawo la ku mtundu asanakwatiwe. "Abode" kapena "domicile" ndi kumene makolo ankakhala.

Mlembi wa parishi, Ulongwe

Ndithu, Aphunzitsi. Ndipo zoyenereza padrinho zili pa kanoni 874: akhale wa zaka 16 kapena kupitirira, Mkatolika wolandira Ulimbitso ndi Ukaristia, wa moyo wogwirizana ndi chikhulupiriro, ndipo asakhale bambo kapena mayi wobereka mwanayo. Akhale mmodzi, kapena awiri, mwamuna ndi mkazi. Amuna awiri kapena akazi awiri ayi. Malume wa mpingo wina, monga wa Reformada, amene banja likumufuna akhoza kuima nawo pamodzi ndi padrinho wachikatolika, koma m'buku amalembedwa "Christian witness", mboni yachikhristu. "Proxy" ndi woimirira m'malo mwa padrinho amene walephera kufika, mwina ali ku Johannesburg. Dzina la padrinho weniweniyo ndilo lofunika, la woimirirayo limangotsatira.

Sisitere wa katekesi, Tete

Abale, pali msampha umodzi umene umatigwira ife a Chipwitikizi tokha, anzathu a ku Malawi sauona. Ife "Crisma" timanena sakramenti la Ulimbitso. M'Chingerezi "chrism" ndi mafuta okha basi, ndipo sakramentilo ndi "Confirmation". Choncho pepala likati "anointed with chrism" pa mzere wa ubatizo wa khanda, musathamangire kulemba kuti munthuyo ndi crismado. Khanda lililonse likabatizidwa limadzozedwa Krisima pa liwombo, koma Ulimbitso ndi kudzozedwa pamphumi, ndi mawu ake, kawirikawiri ndi episkopi. Ulimbitso umakhala ndi mzere wakewake: "confirmed on", tsiku, malo, ndi dzina la episkopi. Mzere umenewu ukasowa, munthuyo alowe kalasi.

Mafuta alipo atatu, ndipo episkopi amawadalitsa pa Misa ya Krisima, imene mwambo wake ndi Lachinayi Loyera ngakhale madayosizi aakulu ngati yathu amatha kuichita masiku oyandikira kuti ansembe akutali afike. Pa timabotolo pamalembedwa zilembo za Chilatini. SC ndi Krisima, mafuta a olivi osakaniza ndi balsamu wonunkhira. OC kapena OS ndi mafuta a akatekumeni, okonzekera ubatizo, "oil of catechumens", odzoza pachifuwa madzi asanathiridwe. OI ndi a odwala, "oil of the sick". Cholakwika chimene chimachitika m'sakristiya n'chakuti wokonza amaona OS n'kuganiza kuti S akuimira "sick", n'kuwaika m'chikwama cha wansembe wopita kwa wodwala. Zilembo zikafufutika, nunkhizani: onunkhira ndi Krisima yekha. Awiri enawo alembeni bwino pa chivindikiro ndi pa botolo pomwe, poti zivindikiro zimasinthana potsuka.

Katekisiti wa ku Domwe

Zikomo Asisitere, za Crisma zija n'zofunika kuzilengeza pa msonkhano wa makatekisiti. Nanga makhadi a mipingo ina? Amabwera ambiri a CCAP.

Mkulu wa mpingo wa Reformada, Ulongwe

Pamenepo ndiyankhe ine, Akatekisiti. Ife a Igreja Reformada ndi a CCAP ya Nkhoma tili ndi muzu umodzi, ndipo masakramenti tili nawo awiri: Ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye. M'Chingerezi Mgonero ndi "Lord's Supper" kapena "Holy Communion". Timabatiza ana a Akhristu ndi madzi, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Mwanayo akakula amalowa kalasi, amayesedwa ndi akulu a mpingo, n'kuvomereza chikhulupiriro pamaso pa mpingo. Pa khadi la Chingerezi zimenezi zimalembedwa "confirmed" kapena "profession of faith", ndipo kuyambira pamenepo munthuyo ndi "communicant member" kapena "full member", wodya Mgonero. "Baptised member" ndi wobatizidwa ali mwana koma sanavomereze. "Catechumen" ndi wa m'kalasi, ndipo apa muyang'anitsitse: m'kalasi imodzi mumakhala obatizidwa ali ana ndi osabatizidwa n'komwe. Khadi la kalasi si umboni wa ubatizo.

"Disjunction certificate" kapena "transfer letter" ndi kalata yosamukira. Imanena kuti munthu wachoka bwino, alibe mlandu. "Under discipline" kapena "suspended" ndi woimitsidwa Mgonero, koma ubatizo wake sunafafanizike. Akabwezedwa sitimubatizanso.

Sisitere wa katekesi, Tete

Akulu a mpingo anena zoona, ndipo ubatizo wawo timaulandira, monganso wa Anglican, Lutheran ndi Methodist. Wochokera kumeneko akafuna kulowa Chikatolika sabatizidwanso. Mwambo wake ndi "reception into full communion": amaphunzira, amalapa, amanena Kredo pamaso pa mpingo, amalandira Ulimbitso ndi Ukaristia. Ndinene mwaulemu kuti "confirmed" wa pa khadi lawo sitimuwerenga ngati sakramenti la Ulimbitso, n'chifukwa chake amadzozedwa. Alembi, munthu wotere mumulembe m'buku ndi tsiku ndi malo a ubatizo wake woyamba uja, kuti ukwati wake udzakhale ndi polembedwa.

Abusa a Pentekoste, Moatize

Ndikuwerenga ndi chidwi abale, ndipo ndiikepo mbali yathu kuti makhadi athu musawamve molakwika. Ife makanda sitiwabatiza. Timawapereka kwa Ambuye ndi pemphero, ndipo pepala lake limalembedwa "Certificate of Dedication" kapena "child dedication". Palibe madzi pamenepo. Amene akulemba pepala limeneli ngati ubatizo akulakwira ife ndi inu nomwe. Ubatizo wathu ndi "believer's baptism", wa munthu wokhulupirira yekha, ndipo ndi "by immersion", womiza thupi lonse. Pa mapepala ambiri a Pentekoste ndi a Baptist simupeza liwu loti "sacrament", mupeza "ordinance", kutanthauza lamulo limene Ambuye anatisiyira kuti tizichita. "Baptism in the Holy Spirit" nayonso si ubatizo wa madzi.

Koma ndifunse mosabisa mawu. Liwu la Chigiriki limene linabala "baptism" limatanthauza kumiza. Aroma 6:4 akuti tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mwa ubatizo. Kadontho ka pamphumi kakuika bwanji munthu m'manda?

Sisitere wa katekesi, Tete

Funso lanu ndi labwino, Abusa, ndipo pa tanthauzo la Chigiriki simunaname. Mpingo wathu sukana kumiza. Kanoni 854 imalola njira ziwiri, "immersion", kumiza, ndi "pouring", kuthira, imene mabuku ena amaitcha "affusion" kapena "infusion". Katekisimu wa 1992 amanenanso kuti kumiza katatu ndiko kumaonetsa chizindikirocho mokwanira. Koma kuthira si kwa dzulo. Didache, kabuku ka Akhristu a m'zaka 100 zoyambirira kapena kungopitirira pang'ono, pa mutu 7 kamati batizani m'madzi oyenda, akasowa m'madzi ena, ndipo onse akasowa thirani madzi pamutu katatu. Ganizirani za Changara kapena Magoe mu Okutobala, mitsinje ili mchenga wokhawokha. Ndipo si kadontho ayi. Madzi ayenera kuyenderera pakhungu. Kungonyowetsa chala n'kukhudza pamphumi ndiko kumene ifenso timakayikira.

Mkulu wa mpingo wa Reformada, Ulongwe

Ndiwonjezere kuti pa Marko 7:4 ndi Luka 11:38 liwu la Chigiriki lija likunena za kusamba ndi kutsuka asanadye, osati kumira mu mtsinje. Njira yachitatu ndi "sprinkling" kapena "aspersion", kuwaza, imene mipingo ya mtundu wathu imagwiritsanso ntchito potsamira Ezekieli 36:25.

Abusa a Pentekoste, Moatize

Pa makanda ndi pa kuwaza sitigwirizana, Akulu, ndipo sindibisa kuti wobwera kwa ife atawazidwa ali khanda timamumiza. Inu mumati "rebaptism", ife timati ndi woyamba. Koma pa kuwerenga mapepala tigwirizane, chifukwa wovutika ndi nkhosa, osati ife. Chinthu china choti mudziwe: si onse otchedwa a Pentekoste amabatiza m'dzina la Utatu. Alipo amene amati "in the name of Jesus" basi, potsata Machitidwe 2:38. Khadi likangoti "water baptism" osatchula mawu, mufunseni mwini wake zimene m'busa ananena ali m'madzi.

Mlembi wa parishi, Ulongwe

Abusa atifikitsa pa "conditional" pamene Akatekisiti anafunsa. Koma poyamba mawu awiri amene amasokonezedwa: "valid" ndi "licit". "Valid" ndiye kuti sakramenti lachitikadi. "Licit" ndiye kuti lachitika motsata malamulo. Agogo akabatiza mdzukulu wabwinobwino kunyumba, ndi madzi ndi mawu oyenera, wansembe ali pafupi, alakwira lamulo, "illicit", koma mwanayo wabatizidwa ndithu, sabwerezedwa. "Invalid" ndiye kuti palibe chachitika, ngakhale kwaya inaimba ndipo pepala lili ndi chidindo.

Kuti ubatizo ukhale "valid" pafunika "matter", "form" ndi "intention". "Matter" ndi madzi enieni. "Form" apa si fomu yolemba ayi, ndi mawu: "Ine ndikukubatiza pa dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera." "Intention" ndi cholinga chochita chimene Mpingo umachita. Mawuwa sasinthidwa. Mu 2008 ku Roma anagamula kuti kubatiza m'dzina la Mlengi, Mpulumutsi ndi Woyeretsa si ubatizo. Mu 2020 anagamulanso kuti kunena "ife tikukubatiza" m'malo mwa "ine ndikukubatiza" kumaononga ubatizo, ndipo ku Detroit, ku America, wansembe wina atazindikira pa kanema kuti anabatizidwa ndi mawu amenewo anayenera kulandira Ubatizo, Ulimbitso ndi unsembe mwatsopano. M'Chichewa ngoziyi ili pafupi kwambiri, poti pakamwa pathu pamazolowera kunena "tikukubatiza" mwaulemu. Makatekisiti aloweze mawuwa monga alili.

Ubatizo wa Mboni za Yehova sitiulandira chifukwa savomereza Utatu, wa a Mormon unakanidwa mu 2001, wa "dzina la Yesu lokha" nawonso ayi. A Salvation Army sabatiza n'komwe. Anthu amenewa amabatizidwa mwachindunji, "absolutely".

"Conditional baptism", m'Chilatini "sub conditione", ndi wa pamene kukayika kwatsalabe mutafufuza mokwanira. Wansembe amati, "Ngati sunabatizidwe, ine ndikukubatiza..." Umachitika mwakachetechete, osati pa Misa yodzaza, ndipo munthuyo amafotokozeredwa chifukwa chake. Kanoni 869 imafuna kufufuza kwenikweni poyamba. Chimene chikulakwika m'madera mwathu n'kusandutsa "conditional" njira yachidule: khadi lasowa, ku Dedza n'kutali, ndiye tingomuthira madzi. Kutero n'kunyoza ubatizo woyamba, ndiponso kumabala buku lachiwiri. Munthu mmodzi akakhala ndi mabuku awiri, ukwati woyamba umalembedwa ku Malawi, iye n'kudzatenga pepala loyera kuno.

Namwino wa ku Furancungo

Pepani ndilowerere. M'chipinda cha amayi oyembekezera mumachitika zoti khanda labadwa lofooka usiku, mayi akulira kuti libatizidwe, wansembe ali kutali. Pa makhadi ena ndimaona "baptised in danger of death" ndi "ceremonies supplied". Tifotokozereni ndondomeko yake bwinobwino, Asisitere, kuti azamba ndi anamwino asamachite mwamantha.

Sisitere wa katekesi, Tete

Amayi, pa ngozi ya imfa aliyense akhoza kubatiza, mwamuna kapena mkazi, ngakhale wosakhala Mkatolika, bola akhale ndi cholinga chija. Yambani mwamva kwa makolo kuti akufunadi, ndipo ntchito yopulumutsa moyo isaime chifukwa cha ubatizo, mnzanu apitirize kuthandiza mwanayo kupuma. Tengani madzi oyera a pampopi, a pamjigo kapena a m'botolo, ofunda pang'ono ngati alipo poti khanda losakwana masiku limazizidwa msanga. Supuni imodzi kapena ziwiri zakwana, ngakhale a m'sirinji yopanda singano. Tiyi, mkaka, thobwa, mafuta kapena mankhwala otsukira m'manja ayi. Thirani pamphumi kuti madzi ayende pakhungu, osati pa chipewa kapena pansalu, katatu: potchula Atate, potchula Mwana, potchula Mzimu Woyera. Wothira madzi ndi wonena mawu akhale munthu mmodzi, nthawi imodzi. Pamenepa ndi pamene ambiri amaphonya: mmodzi agwira kapu, wina akuwerenga mawu pa foni. Umenewo si ubatizo. Pakhale mboni ngakhale mmodzi. Mukakayika ngati mwanayo akali moyo, nenani "Ngati uli moyo, ine ndikukubatiza..." Womwalira kale sabatizidwa, amapemphereredwa ndi kuperekedwa m'chifundo cha Mulungu, ndipo mayi auzidwe zimenezi mofatsa.

Mukatha lembani pa pepala dzina la mwana, maina a makolo, tsiku, malo, dzina lanu ndi la mboni, n'kutumiza ku parishi ya dera limene chipatalacho chili. Mwana akachira amapita naye ku tchalitchi kukamaliza miyambo yotsala: kudzozedwa Krisima, nsalu yoyera, kandulo, ndi kulandiridwa ndi mpingo. Ndiyo "ceremonies supplied". Madzi sathiridwanso. Pa khadi pamaoneka masiku awiri, ndipo tsiku la ubatizo ndi loyambalo.

Namwino wa ku Furancungo

Zamveka bwino. Nanga "last rites"? Odwala ena amakana wansembe poganiza kuti akadzozedwa ndiye kuti apita.

Sisitere wa katekesi, Tete

Manthawo anachokera ku dzina lakale, "Extreme Unction", kudzoza komaliza. Msonkhano wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, unakonda dzina loti "Anointing of the Sick", Kudzoza Odwala, ndipo Papa Paulo VI anakhazikitsa mwambo watsopano mu 1972. Ndi la aliyense wodwala kwambiri, wokalamba wofooka, kapena wopita ku opaleshoni yaikulu, ndipo limabwerezedwa matenda akakula kapena akabweranso. Wodzoza ndi wansembe yekha, dikoni kapena katekisiti ayi. "Last rites" ndi zitatu pamodzi: Kulapa, Kudzoza, ndi "Viaticum", Ukaristia wa womwalira, kamba wa paulendo. Kamba ameneyu mtumiki wa Ukaristia wa m'mudzi akhoza kupereka wansembe akasowa. Itanani wansembe wodwala akadayankhula, kuti athe kulapa ndi kumeza.

Poti tatchula Kulapa: "Confession", "Penance" ndi "Reconciliation" ndi sakramenti limodzi. "Penance" ya chilembo chaching'ono ndi malipiro amene wansembe amakupatsa, "absolution" ndi mawu a chikhululukiro. Zimenezi sizilembedwa pa khadi.

Katekisiti wa ku Domwe

Latsala ndi "free to marry", Alembi, ndipo ndi limene likutipanikiza mwezi uno.

Mlembi wa parishi, Ulongwe

"Letter of freedom", "free to marry" kapena "status liber" ndi estado livre yathu: umboni woti munthu alibe ukwati wina womumanga. "Banns" ndi proclamas, kulengeza m'tchalitchi, mwa chizolowezi Masabata atatu otsatana, ku parishi ya mwamuna ndi ya mkazi. Kalata ikabwera yoti "banns published, no impediment reported" ndiye kuti alengeza ndipo palibe wadandaula. "Impediment" ndi choletsa ukwati.

Zoletsa zimene timakumana nazo kuno n'zowerengeka. "Prior bond" ndi ukwati woyamba mnzakeyo akali moyo. Apa makatekisiti ambiri amaganiza kuti ukwati wa kunja kwa Chikatolika suwerengedwa. Zimenezo n'zoona kwa Mkatolika yekha, amene lamulo limamufuna kuti akwatire pamaso pa wansembe kapena wotumidwa, pamodzi ndi mboni ziwiri. Koma bambo wa CCAP amene anakwatira mayi wa CCAP, ukwati wawo timauyesa weniweni, ndipo akasiyana bamboyo sali womasuka kukwatira Mkatolika. Ngakhale anthu awiri osabatizidwa amene anakwatirana pa ankhoswe, nkhani yawo iyenera kukafika kwa wansembe musanaike tsiku, poti ili ndi njira yakeyake.

"Consanguinity" ndi chibale cha magazi. Pa mwambo wathu msuweni amakwatirika, koma pa kanoni 1091 ana a mlongo ndi mchimwene ali pa mlingo wachinayi wa chibale, "fourth degree", ndipo pafunika "dispensation", kumasula kwa episkopi. Popanda kumasulako ukwatiwo ndi "invalid". Funsani za chisuweni pa tsiku loyamba lolembetsa, chifukwa mabanja satchula okha, kwa iwo si nkhani.

"Mixed marriage" ndi Mkatolika ndi Mkhristu wobatizidwa wa mpingo wina, pamafunika "permission". "Disparity of cult" ndi Mkatolika ndi wosabatizidwa, monga Msilamu kapena wa "dedication" uja Abusa anena, pamafunika "dispensation". Mukuona tsono kuti kuwerenga "dedication" ngati ubatizo kumachititsa kuti mupemphe pepala lolakwika, ukwati n'kukhala wopanda mphamvu.

Pa zaka, musayang'ane za m'kanoni zokha. Lamulo la dziko lino, Lei 19/2019, limaletsa ukwati kapena kulowana kwa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ndi akuluakulu omwe ololeza.

"Convalidation" ndi kuja timati kudalitsa ukwati, koma si dalitso chabe: awiriwo amapereka chivomerezo chatsopano, ndipo tsiku la sakramenti ndi limenelo. "Annulment" kapena "declaration of nullity" si "divorce". "Divorce" ndi chisudzulo cha kukhoti la boma, sichimasula munthu ku Mpingo. "Nullity" ndi chigamulo cha khoti la Mpingo choti ukwatiwo sunamangike kuyambira pachiyambi. Kuchokera mu 2015 chigamulo chimodzi chimakwana ngati palibe wochita apilo. Mukaona "vetitum" kapena "prohibition" pansi pake, munthuyo sangakwatire mpaka episkopi atachotsa chiletsocho.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Zobue

Chimodzi chimene chimabweza makalata ambiri ndi kalembedwe ka maina. Pa bilhete, chiphaso cha boma, pali Muale, m'buku la ku Malawi muli Mwale. Camuendo ndi Kamwendo, Chicondi ndi Chikondi, João ndi John kapena Yohane, Inês ndi Agnes, Tiago ndi James. Mlembi wa uko akafufuza pa C dzina lili pa K, amayankha kuti "no record found". Mawu amenewa sakutanthauza kuti munthuyo sanabatizidwe, akungoti sanapeze. Polemba kalata ikani kalembedwe konse kawiri.

Katekisiti wa ku Domwe

Ndiye khadi likasoweratu, mwini wake akungokumbuka kuti "tinali cha ku Lizulu", tiyambire pati?

Mlembi wa parishi, Ulongwe

Khalani pansi ndi mayi ake kapena azakhali, osati mwini wake amene anali kumsana. Afunseni mudzi kapena kampu imene ankakhala, tchalitchi chimene ankapemphera, dzina la madrinha, ndi chaka, ngakhale pongoyerekeza ndi kubadwa kwa ana ena. Kumbukirani kuti buku silikhala ku tchalitchi cha kumudzi, limakhala ku parishi imene inkayang'anira deralo nthawi imeneyo. Maparishi ena anagawidwa pambuyo pake, ndipo mabuku akale anatsala ku parishi yaikulu, ngati Bembeke kapena Nzama. Dedza ndi Ntcheu ndi dayosizi ya Dedza, Mwanza ndi ya Blantyre, Katete ndi Chadiza ndi ya Chipata. Kalata ichoke kwa bambo mfumu kupita kwa bambo mfumu mnzake, ndi maina a makolo onse awiri, ndipo mupemphe kuti afufuze zaka ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo. Chithunzi cha pa WhatsApp chimathandiza kuti kalasi iyambe, bola chichokere ku foni ya parishi osati kwa mkwati, koma pepala la chidindo lifike ukwati usanachitike. Yambani miyezi itatu tsiku lisanafike.

Zonse zikakanika, kanoni 876 imalola umboni wa munthu mmodzi wodalirika amene anaona ubatizowo, kapena lumbiro la mwini wake ngati anabatizidwa ali wamkulu. Pepala lake ndi "affidavit of baptism". Mboniyo inene malo, nthawi, wobatiza, ndi kuti madzi anathiridwa, isayine pamaso pa wansembe. Pokhapokha mboni ikasowanso ndi pamene bambo mfumu angaganize za "conditional".

Ukwati ukachitika ntchito sinathe. Tumizani "notification of marriage" ku parishi ya ubatizo ija kuti akalembe m'mphepete, ndipo kachidutswa ka pansi kolembedwa "please sign and return" kabwerere kuno mukakasunge mu faelo ya banjalo.

Mkulu wa mpingo wa Reformada, Ulongwe

Kwa ife kalata yotere ipite kwa abusa a mpingo umene munthuyo anabatizidwira, kudzera kwa mlembi wa mpingo, amene pa mapepala amalembedwa "session clerk". Mutchule dzina la mpingo waukulu, osati la nyumba ya mapemphero ya kumudzi imene pa Chingerezi ndi "prayer house", poti kaundula amasungidwa ku siteshoni.

Katekisiti wa ku Domwe

Zikomo nonse. Aphunzitsi, mungatikonzere kalata yachitsanzo ya Chingerezi yopemphera pepala la ubatizo, yosiya mipata ya maina? Tikufuna kuigawa kwa makatekisiti Loweruka.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Zobue

Ndikonza mawa madzulo, Chingerezi kumanzere, Chichewa kumanja. Alembi, muidutsemo kaye ndisanaiike pano, makamaka mzere wopempha "notations", kuti a uko asamangotumiza tsiku la ubatizo lokha.